Mmene mungapezere chimene chikudya injini ya makina operera zitsa nthawi yake isanakwane

Makina operera zitsa akayamba kufuka utsi, kudya oyilo ndi kufooka pachitsa, ambiri amathamangira kukagula maringi a pisitoni. Makaniko amaphwasula injini, n'kuika maringi atsopano, makinawo n'kugwira bwino masabata angapo. Kenako utsi uja wabweranso. Ndalama zapita, tsiku la ntchito lapita, koma chimene chinadya maringi oyamba chidakalipo ndipo chayamba kale kudya achiwiri.

Abale athu amene amagwira ntchito yodula mitengo ku Johannesburg, ku Cape Town ngakhale ku Britain amalidziwa vutoli, poti kumeneko chitsa sachikumba ndi khasu, amachipera ndi makina. Makina ang'onoang'ono okankha pamanja nthawi zambiri amakhala ndi injini ya petulo ya silinda imodzi, monga Honda GX390 ndi zina zopangidwa mofanana nayo. Okulirapo amakhala ndi ya masilinda awiri, monga Kohler Command kapena Vanguard. Manambala amene nditchule pano ndi a GX390. Injini yomweyi imapezekanso pa majenereta ndi mapampu a madzi kwathu kuno, choncho zambiri mwa izi zikuthandizani ngakhale musanaonepo makina operera zitsa.

Zimene zimapha injini msanga pantchito imeneyi ndi fumbi, kutentha, kuchepa kwa oyilo, petulo wolowa m'oyilo, komanso lamba ndi gudumu la mano. Chilichonse mwa izi chimadya pamalo pake, ndipo ntchito yanu ndi kupeza malowo musanagule chitsulo ngakhale chimodzi.

## Zimene mukhale nazo pafupi

- Buku la injini yanu, chifukwa ndimo muli miyezo yake yeniyeni
- Masipanala, sipanala ya pulagi ndi masikuludiraiva
- Feeler gauge yoyezera mipata ya mavalavu ndi maringi
- Geji yoyezera compression (mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda), ndipo ngati mungabwereke, leak-down tester (yoonera pamene mpweya ukuthawira m'silinda) pamodzi ndi kompuresa
- Tochi yowala bwino
- Beseni laukhondo, maginito ndi nsalu yoyera mbee
- Girisi pang'ono ndi oyilo watsopano
- Magolovesi ndi magalasi oteteza maso
- Foni yojambulira chilichonse musanachichotse

## 1. Tetezani manja anu, ndipo musatsuke kanthu

Imikani makina pamalo osalaza, injini itazizira. Tsekani kampopi ka petulo ndi kuzula kapu ya pulagi n'kuiika kutali ndi pulagiyo. Gudumu la mano lija likhoza kuzungulira mukangokoka chingwe pang'ono, ndiye ngati n'kotheka masulani lamba muyambe mwamuchotsa. Musanamumasule, mukanikizeni ndi chala pakatikati kuti mumve mmene anakungikira, mudzazifuna zimenezi patsogolo.

Chenjezo: musawatsuke makinawo. Anthu amakonda kuyamba ndi paipi ya madzi kuti agwire ntchito pamalo aukhondo, osadziwa kuti akukokolola umboni wonse. Pamene pakhala fumbi, pamene panyowa oyilo, pamene paunjikana utuchi, ndi pomwe pali yankho. Jambulani mbali zonse zili chomwecho.

Funsaninso amene amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Oyilo anasinthidwa liti? Fyuluta amaitsuka bwanji? Makinawo anagwapo m'galimoto kapena kugona chammbali? Funsani mofatsa, osati ngati mukufuna wolakwa, apo ayi sakuuzani zoona.

## 2. Onani oyilo ali m'kati momwemo

Masulani dipisitiki, ipukuteni, n'kuilowetsanso osaimanga. Pa GX390 oyilo amayenera kufika m'mphepete mwa pakamwa pothirira, ndipo yense ndi malita 1.1 basi. Oyilo wochepa chonchi sachedwa kuperewera.

Akakhala pansi kwambiri, injini ikumuwotcha kapena akudontha penapake. Akakhala wochuluka kuposa muyezo pomwe palibe anathira, munnunkhizeni. Fungo la petulo ndi oyilo wopyapyala ngati madzi zikutanthauza kuti kasingano ka m'kabureta sikakutseka, petulo akutsikira m'silinda mpaka pansi. Izi zimachitika kwambiri makina akamagwedezeka kumbuyo kwa galimoto kampopi ka petulo kali kotsegula. Oyilo wosakanikirana ndi petulo satetezanso chitsulo, ndipo petuloyo potsika amatsuka oyilo wa m'khoma la silinda.

Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi.

## 3. Tsatirani njira ya mpweya, kuyambira pafyuluta mpaka pakabureta

Apa ndi pofunika kukhalitsa, chifukwa injini zambiri za makina amenewa zimafera pano. Makina operera zitsa sadula mtengo wokha. Mano ake amalowa m'dothi, amatema mizu yokutidwa ndi mchenga, ndipo injini imakhala ikupuma m'kati mwa fumbi lomwelo, pafupi kwambiri ndi pansi. Mchenga wosalala uja ndi wolimba moti umakanda chitsulo cha maringi ndi silinda. Ukasakanikirana ndi oyilo umagwira ntchito ngati phala lija amakaniko amanolera mavalavu, ndipo injini imadzinola yokha nthawi yonse imene ikulira.

Pukutani kunja kwa chivundikiro cha fyuluta musanatsegule, kuti dothi lisagwere m'kati n'kukusokonezani. Mukachotsa fyuluta, musayambe ndi kuiyang'ana iyoyo. Yambani ndi kuseri kwake, mbali imene mpweya umadutsa utasefedwa kale. Kulungani nsalu yoyera kuchala n'kupukuta m'kati mwa paipi yopita kukabureta. Nsaluyo iyenera kutuluka yoyera. Ikatuluka ndi fumbi lofiirira, ngakhale lochepa, kapena mukamva timchenga tikukhuzika pakati pa zala, dziwani kuti injini yakhala ikumeza dothi.

Tsopano funani pamene likulowera. Lowetsani tochi m'kati mwa fyuluta ya pepala muli pamthunzi. Kuwala kofanana ponseponse kulibe vuto, koma kadontho kowala kwambiri kuposa ponse ndi bowo. Onani mphira wa m'munsi mwa fyuluta ngati ulipo, ngati sunang'ambike ndiponso ngati sunaume. Pa GX390 pali manati awiri a mapiko, ina yogwira chivundikiro ndi ina yam'kati yogwira fyulutayo. Yam'katiyi ikasowa, fyuluta imangovina pamalo pake, fumbi n'kumadutsa pansi. Onaninso kapaipi ka mphira kochokera pachivundikiro cha mavalavu kupita kufyuluta. Kakasweka kapena kuzuka, mpweya wafumbi umalowera pomwepo osadutsa pafyuluta n'komwe. Magasiketi a pakati pa kabureta ndi mutu wa silinda nawonso aoneni.

Gwirani kachitsulo ka pamwamba pa kabureta kamene kamatsegula ndi kutseka mpweya, n'kukagwedeza chammbali. Kakamagwedera kwambiri, fumbi ladya pamenepo kwa nthawi yaitali, ndipo mpata umenewo tsopano wasanduka khomo lina la fumbi.

Ngati simukutsimikiza, pakani girisi wopyapyala m'kati mwa paipi kuseri kwa fyuluta, mangani zonse, makina akagwire tsiku limodzi, mudzaonenso madzulo. Girisi sabisa fumbi.

Chenjezo: fyuluta yooneka yakuda kunja si ndiye kuti yalephera ntchito. Imene ikukuphetsani injini ndi yoyera bwino yomwe yaphulitsidwa ndi kompuresa. Honda amalola kuipemerera kuchokera m'kati kupita kunja ndi mpweya wosapitirira 30 psi, kapena kuigogoda pang'ono pamalo olimba. Burashi ayi, chifukwa imakankhira dothi m'kati mwa pepala.

## 4. Onani ngati injini ikupeza mpweya woiziziritsa

Injini izi zilibe madzi. Zimazizira ndi mphepo yochokera pa flywheel, gudumu la zipsepse la kuseri kwa chingwe cholizira. Mphepoyo imadutsa m'timipata ta zitsulo zopyapyala zozungulira silinda ndi mutu wake. Masulani chivundikiro cha mbali yokokera chingwe ndi malata otchinga silinda, muunike ndi tochi. Utuchi wonyowa ndi oyilo umamatirira m'timipatamo n'kuuma gwa, makamaka kumbuyo, chakufupi ndi ekizozi, kumene diso silifika chivundikiro chili pomwepo.

Injini imene yakhala ikutentha mopitirira imadziwika ndi penti wopserera pamutu, oyilo wakuda bii wonunkha kupsa, ndi gasiketi ya pamutu imene yayamba kutulutsa mpweya kapena oyilo. Ngati malata ena otchinga anachotsedwa n'kutayidwa, limenelo ndi vuto palokha. Malatawo ndi amene amakakamiza mphepo kudutsa pasilinda.

## 5. Yezani mipata ya mavalavu injini isanatenthe

Chotsani pulagi ndi chivundikiro cha mavalavu. Zungulitsani injini pang'onopang'ono mpaka pisitoni ifike pamwamba penipeni mavalavu onse awiri ali otseka. Pa GX390 valavu yolowetsa mpweya ndi petulo imafuna mpata wa 0.15 mm, yotulutsa utsi 0.20 mm, injini ili yozizira. Lembani zimene mwapeza musanakonze.

Mpata wa valavu yolowetsa ukakhala kuti watsekeka kapena watsala pang'ono, kawirikawiri ndi fumbi lomwe ladya nkhope ya valavu mpaka yamira m'malo mwake. Mpata ukakula kwambiri, chingwe chimalimba pokoka, nthawi zina n'kubweza dzanja. Konzani mipatayi tsopano. Injini zambiri zimene anthu amati zatha zimangokhala ndi valavu yosatseka bwino, ndipo mukayeza compression musanakonze apa mupeza nambala yabodza.

Pulagi mwachotsayo iyang'aneni. Yotuwira ngati khofi wamkaka ili bwino. Yakuda youma ikusonyeza petulo wochuluka, mwina chifukwa cha fyuluta yotsekeka kapena choko chosatseguka chonse. Yakuda yonyowa ndi mafuta ikusonyeza oyilo amene akukwera pamwamba pa pisitoni. Yoyera mbee yokhala ndi timatuza ikusonyeza kutentha. Mpata wake ukhale 0.7 mpaka 0.8 mm.

## 6. Ilizeni, muone utsi ndi kumvetsera

Chitani izi pokhapokha oyilo ali pamuyezo wake ndipo alibe petulo. Bwezerani pulagi ndi kapu yake, fyuluta ndi zivundikiro zonse, tsegulani kampopi ka petulo, lamba akhale atachotsedwa, ndipo mulize panja, osati m'galaja yotseka.

Utsi wa buluu wongotuluka poliza n'kutha ukhoza kuchokera ku oyilo amene anadutsa pamene makina anapendekeka, kapena ku njira za mavalavu zimene zakula. Wa buluu wosatha, wochuluka mukawonjezera moto, ndi wa maringi ndi silinda. Wakuda ndi wa petulo, umenewo usakuphwasulitseni injini.

Mvetserani pansi pa injini. Kugogoda kolemera kumene kumamveka bwino mukasintha moto ndi con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft (mtanda umene pisitoni imazungulitsa), imene yayamba kugwedera pa crankshaft. Mukamva zimenezo zimitsani pomwepo, injini isananoke n'kuboola buloko.

## 7. Khetsani oyilo ali wofunda

Khetserani m'beseni laukhondo, mupite nalo padzuwa. Lipendekeni pang'onopang'ono n'kuyang'ana pansi. Timadontho tonyezimira tambirimbiri ndi chitsulo chimene chasengeka m'kati. Yendetsani maginito pansi pa beseni. Zomamatira ku maginito zachokera ku maringi, khoma la silinda, crankshaft kapena camshaft (mtanda wotsegula mavalavu). Zonyezimira koma zosamamatira ndi aluminiyamu wa pisitoni kapena con rod. Zokhuzika pakati pa zala koma zosanyezimira ndi mchenga.

GX390 ilibe pampu ya oyilo ndipo ilibe fyuluta ya oyilo. Oyilo amamwazidwa ndi kachitsulo ka pansi pa con rod, ndiye chilichonse chogwera m'menemo chimangozungulira mpaka tsiku lokhetsa. Ngati yanu ndi ya masilinda awiri yokhala ndi fyuluta ya oyilo, idulani fyulutayo n'kutambasula pepala la m'kati, muona zonse zimene yagwira. Musaidule ndi sowo, tizitsulo ta sowoyo tingakunamizeni.

Thirani oyilo watsopano musanapitirire.

## 8. Yezani compression, koma musaikhulupirire yokha

Mangani geji pabowo la pulagi, tsegulani moto wonse, choko chikhale chotsegula, swichi itazimitsidwa. Kokani chingwe mwamphamvu kangapo mpaka singano ileke kukwera.

Chenjezo: injini izi zili ndi kachipangizo pa camshaft kamene kamatsegula valavu yotulutsa pang'ono pokoka chingwe, kuti chingwe chisalimbe. Chifukwa cha ichi nambala imakhala yotsika ngakhale pa injini yabwinobwino. Iyerekezeni ndi ya m'buku la injiniyo, osati ndi ya galimoto.

Ikakhala yotsika, thirani oyilo wokwana kasupuni kamodzi pabowo la pulagi, muyezenso. Ikakwera moonekeratu, maringi ndi silinda zatha, poti oyiloyo watseka mpata kwa kanthawi. Ikapanda kusintha, ganizani za mavalavu kapena gasiketi ya pamutu.

Leak-down tester ndiyo imanena zoona zenizeni. Pisitoni ikhale pamwamba penipeni mavalavu atatseka, lowetsani mpweya, n'kumvetsera kumene ukuthawira. Ukamveka pakabureta, ndi valavu yolowetsa. Ukamveka kuekizozi, ndi yotulutsa. Ukamveka pothirira oyilo, ndi maringi, ngakhale kuti kampweya kochepa pamenepa sikasowa pa injini iliyonse. Ukamveka m'mphepete mwa mutu, ndi gasiketi. Mpweyawo umatha kukankha pisitoni mwadzidzidzi, ndiye musasiye sipanala ili lende pa crankshaft.

## 9. Musaiwale lamba ndi mano

Ambiri amalekera pa injini, pomwe wolakwa nthawi zina ali kunja. Gwirani pule ya pa injini ndi manja awiri, muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Isagwedere. Kuyenda pang'ono kolowa ndi kutuluka kulibe kanthu, koma kugwedera chammbali, limodzi ndi oyilo wodontha kuseri kwa pule, ndi beringi imene yatopa. Lamba wokungika mopitirira, kapena mapule osayang'anizana, amakokera crankshaft mbali imodzi tsiku lonse.

Kenako zungulitsani gudumu ndi dzanja mutavala magolovesi, muone dzino lililonse. Limodzi likathyoka kapena kusowa, gudumu limalemera mbali imodzi, makina onse n'kumanjenjemera. Kunjenjemerako kumamasula mabauti ogwira injini, kumaswa paipi ya fyuluta, ndipo fumbi limapeza polowera. Mano obuntha nawo amachititsa woyendetsa kukanikiza makina pachitsa mwamphamvu mpaka injini kumalira motsamwa. Injini imapangidwa kuti izizungulira maulendo pafupifupi 3,600 pamphindi. Ikatsika, mphepo yoiziziritsa imachepa panthawi yomwe katundu wachuluka. Mano akuthwa ndi otsika mtengo kuposa injini.

## 10. Tsegulani, muwerenge zimene zalembeka pazitsulo

Mukafika apa mukudziwa kale chimene mukukayikira. Chotsani mutu, tsitsani pisitoni pansi, muunike khoma la silinda. Labwino limakhala ndi timizere tosaoneka bwino topingasana. Mukatulutsa pisitoni, ikani ringi iliyonse m'silinda, iwongoleni ndi mutu wa pisitoni, muyeze mpata wa kumapeto kwake ndi feeler gauge n'kuyerekeza ndi malire a m'buku.

Fumbi la mumpweya limadya kuyambira pamwamba kutsika. Timizere topingasana timafufutika, khoma limatuwa ndi timikwingwirima tosalala toyenda m'mwamba ndi pansi, ringi ya pamwamba imatha kwambiri, valavu yolowetsa imadyeka kuposa yotulutsa. Pamwamba pa silinda pamakhala kampanda kamene chikhadabo chimakodwapo.

Dothi la m'oyilo, lolowera pa fanelo yakuda kapena pothirira posapukuta, limadya kuyambira pansi: pa crankshaft, con rod, camshaft ndi m'munsi mwa pisitoni.

Kuperewera kwa oyilo sikukanda chabe, kumasungunula. Mupeza aluminiyamu wa con rod atamatirira pa crankshaft, chitsulo chitasanduka chabuluu. Ngati oyilo anali wokwana, ganizani za kupendekeka. Honda salola injini za mtundu uwu kugwira zitapendekeka kupitirira madigiri 20, pomwe makina operera zitsa amagwira pamtunda wotsetsereka, kapena tayala limodzi litalowa m'dzenje la chitsa, oyilo yense n'kuthawira mbali imodzi.

Kutentha kumaonekera pambali ya pisitoni imene yakwechesuka, maringi omatirira m'mipata yawo ndi makala, ndi zamatope zakuda zouma m'kati mwa buloko.

Silinda ikakhala kuti yakula kupitirira malire a m'buku, maringi atsopano okha sathandiza. Pafunika kukulitsa bowo la silinda pamakina n'kuika pisitoni yokulirapo, kapena kusintha buloko. Crankshaft nayo ikakhala kuti yatha, werengani mtengo wa zonse pamodzi ndi wa makaniko, muyerekeze ndi wa injini ina yonse musanayambe. Koma kaya mukonza kaya mugula, tsekani kaye njira imene wakuphayo analowera. Ngati linali fumbi, ganizirani fyuluta ya mtundu wa cyclone, imene imataya fumbi lolemera lisanafike papepala. Honda amapanga GX390 yokhala nayo.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwabwerezedwa

Kudula waya wa Oil Alert, kachipangizo kozimitsa injini oyilo akachepa. Makina akamazima okha pamalo otsetsereka, ena amazula wayawo kuti ntchito ipitirire. Injini inali ikukuuzani kuti oyilo wathawa. Salazani poimika makina, kapena liyambeni chitsacho mbali ina. Dziwaninso kuti Oil Alert imangoona kuchuluka kwa oyilo. Oyilo wodzaza petulo kapena mchenga imamulola.

Kuwerenga masiku m'malo mwa maola. Buku la GX390 limati oyilo woyamba asinthidwe pa maola 20, kenako pa maola 100 alionse kapena miyezi 6, ndipo limanenanso kuti pamalo afumbi fyuluta iziyeretsedwa pafupipafupi. Pantchito ya zitsa ine ndimalangiza kusintha oyilo pa maola 50 ndi kuona fyuluta m'mawa uliwonse. Kamita kowerenga maola n'kotsika mtengo ndipo kamathetsa mikangano ya "ndinasintha posachedwapa".

Kuliza injini popanda fyuluta kuti "tingomaliza chitsa chimodzichi". Chitsa chimodzi m'dothi louma chimakwana kuyambitsa zonse zimene zili pa gawo 10.

Kubwezera siponji yokuta fyuluta ya pepala ili youma kapena ikudontha. Ichapeni ndi madzi ofunda a sopo, iume bwinobwino, iviikeni m'oyilo wa injini woyera, n'kuifinya mpaka isadonthe.

Kugula fyuluta yongofanana maonekedwe. Ikhoza kulowa koma osakhala bwino pamphira wake. Ikhazikeni, muigwedeze ndi dzanja musanatseke.

Kukhwimitsa sipuling'i ya governor, chipangizo choletsa injini kuthamanga mopitirira, kuti makina akhale ndi mphamvu. Mphamvu imene ikusowayo ili m'mano obuntha, ndipo con rod ya aluminiyamu sipirira liwiro loposa limene inapangidwira.

Kumanga injini yokonzedwa osatsuka m'kati. Mchenga wotsala m'buloko, m'kabureta ndi m'paipi ya fyuluta uyamba kudya maringi atsopano tsiku lomwelo. Silinda yonoledwa kumene itsukeni ndi madzi otentha a sopo mpaka nsalu yoyera ituluke yosada, muiumitse, muipake oyilo nthawi yomweyo isanachite dzimbiri, ndipo oyilo woyamba mumukhetse pa maola 20 ngati injini yatsopano.